Nyenyezi ya Pamwamba pa Thanki

9 Febuluwale

Wokondeka mwana wanga,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupeza uli moyo, ngakhale kuti umboni wa zimenezo sitinaulandire chiyambire chaka chino. Ife kuno tili bwino. Amayi ako akudandaula mawondo monga mwa nthawi zonse, ndipo ine sindikudandaula kanthu, monganso mwa nthawi zonse.

Tsopano imva nkhani. Ophunzira anga akale, amene ena mitu yawo yayera kuposa wanga, amanga holo pasukulu paja. Agwirizana kuti kudenga kwake kujambulidwe thambo ndi magulu ake a nyenyezi, gulu lililonse ndi dzina lake, ndipo ntchito yoyang'anira wopenta aipereka kwa ine. Dzina langa lidzalembedwa pamwamba pa chitseko. Ulemu umenewu sindinaupemphe, koma kuukana kukadakhala kudzichepetsa kwabodza, kumene kuli kunyada kovala sanza. Holoyo adzaitsegula pa 16 Sepitembala, tsiku la phunziro langa la Nyenyezi ya Kumpoto, ndipo andipempha kuti ndidzaliphunzitse komaliza pamaso pa alendo. Mlendo wolemekezeka adzakhala pulofesa wina wa ku yunivesite.

Phunzirolo ukulikumbukira, pakuti nawenso unaimapo pamzere. Kwa zaka makumi atatu kudza zisanu ndi chimodzi, tsiku lomwelo, ngakhale litagwa Lamlungu, ndinkaimika ana a kalasi yomaliza pachipata cha sukulu nthawi ya seveni koloko madzulo, n'kuwalozera nyenyezi yowala ija ya pamwamba pa thanki ya madzi. Iwo ankanena katatu: “Nyenyezi ya Kumpoto siyenda, zonse zimaizungulira.” Ikakwana kota pasiti, aliyense kwawo. Mwana wa munthu sayenera kukhala panja mdima utakhwima, ndipo ine sindinachedwepo pa chakudya chamadzulo.

Chithunzi ndikuchitenga m'buku langa la nyenyezi, lija losindikizidwa kunja limene ndinapata monga mphotho ku koleji. Wopenta wayamba kale Mlenje, Mkango ndi Mapasa. Ndi munthu wa dzanja labwino ndi pakamwa posatseka. Dzana anandifunsa chifukwa chake Mlenje wa m'buku waima chilili pamene wa kumwamba amaoneka chadodolido. Ndinamukumbutsa kuti analembedwa ntchito yopenta. Mtanda wa Kumwera osindikiza anauiwala, ndipo ndauonjezera ndekha m'mphepete.

Chimene ndikufuna kwa iwe ndi kachitini kamodzi ka penti wagolide wa kutsidya kwa nyanja kumene uliko. Wa m'masitolo a kuno akauma amaoneka ngati dzimbiri. Nyenyezi ya Kumpoto idzakhala pakati penipeni pa denga, yaikulu ngati mbale, monga ilili m'buku. Usachedwe.

Ndine bambo ako.


7 Malichi

Amayi,

Muli bwanji ndi mawondowo? Ine ndili bwino, kuzizira kokha. Kalata iyi ndaidzeretsa kwa atelala, chifukwa mukudziwa kuti yolowa m'bokosi lathu imafika kwa inu Bambo ataiwerenga kale ndi kuichonga ndi inki yofiira.

Amayi, tili pamavuto. Kunyumba yosungirako okalamba kumene ndikugwira ntchito kuli agogo ena a zaka 89, amene ankayendetsa sitima zapanyanja. Tonse timangowatcha Kaputeni. Lachiwiri atangodya, anandiuza kuti ndiwakankhire pakhonde pa chikuku chawo. Kunali kutangoda. Analoza kumwamba n'kunena kuti, “Namwino, ukuiona iyo? Imeneyo inandibweza kwathu kawiri makina atafa.”

Ndinayang'ana, osaona kanthu. Anandilondoletsa ndi ndodo kuchokera pa nyenyezi ziwiri za Chimbalangondo Chachikulu mpaka pa kanyenyezi kena kofooka, koti mutakapeza pamsewu simungakatole. Akuti, “Nyenyezi ya Kumpoto ndi imeneyo.”

Ine kuseka. “Agogo, mwakalamba. Nyenyezi ya Kumpoto ndimaidziwa, bambo anga anandionetsa kwathu. Ndi yowala, yoyera ngati moto wa gasi.”

“Kwanu n'kuti?”

Ndinakatenga mapu mu ofesi n'kuwalozera. Amayi, anaseka mpaka kutsamwa, ndinachita kuwamwetsa madzi. Atapeza mpweya akuti, “Mwana iwe, kumeneko siioneka. Muli kumwera kwambiri, mimba ya dziko imaitchinga. Sanaionepo bambo ako, sanaionepo agogo ako.” Anandifunsa mwezi ndi ola, ndinawauza. Akuti, “Ameneyo ndi Vega, wa m'gulu la Zeze. Amayenda ngati anzake onse. Bambo akowo akadangoima ola limodzi, akadamuona akunyamuka.”

Ndapita ku laibulale, ndaona mabuku atatu. Agogowa sakunama. Buku la Bambo lija linalembedwera anthu a kuno, n'chifukwa chake mulibe Mtanda wa Kumwera. Iwo anaona nyenyezi yaikulu pakati pa tsamba, ndiye anakafuna yowala kwambiri chakumpoto.

Taganizani tsiku limenelo: anthu adzaza, dzina lili pachitseko, pulofesa waima pambali, Bambo akuloza thanki. Awatu ndi munthu amene anasiya kugula kusitolo ya pangodya chaka chathunthu chifukwa wogulitsa anawakonza dzina la mzinda wina. Akakonzedwa pagulu sadzatulukanso m'nyumba. Ine kuwauza maso ndi maso sindingathe, kalata ndiye kaya. Ndawalembera mozungulira, mwina atola okha. Penti sinditumiza. Mundiuze chochita, chonde msanga.

Ndine mwana wanu.


7 Malichi

Okondeka Bambo,

Ndalandira kalata yanu ndipo ndakondwera kumva za ulemu umene ophunzira anu akupatsani. Ine ndili bwino.

Kuntchito kuno ndadziwana ndi munthu wina amene anayendetsa sitima zapanyanja nthawi yaitali. Amazidziwa nyenyezi monga inu mumadziwira ana a m'kalasi. Madzulo timakhala pakhonde, iye n'kumandionetsa magulu ake. Wandiphunzitsa kuti thambo la kuno si lofanana ndi la kwathu, ndi kuti pali nyenyezi zina zimene munthu saziona akakhala mbali ina ya dziko. Ndi munthu woona mtima, ndipo ndikadakonda mukadamva zimene amanena.

Ndifunseko, Bambo: nyenyezi ya pa thanki ija munayamba mwaiyang'anapo mwezi wina, kapena ola lina? Ndangofunsa. Ndiponso ndimaganiza kuti pakati pa dengalo pakadakhala Mtanda wa Kumwera, popeza ndi wathu, pakadakongola kwambiri.

Penti wagolide akuvuta kupeza. Ndikufunafunabe.

Ndine mwana wanu womvera.


4 Epulo

Mwana wanga,

Tili moyo. Penti sanafike. Ndikudabwa kuti dziko limene limapanga ndege likusowa kachitini ka penti.

Kalata yako ndaimva bwino lomwe, kuposa mmene unafunira kuti ndiimve. Sindinabadwe dzulo. Mwana wamkazi akadzaza tsamba ndi mwamuna mmodzi, n'kumutcha woona mtima, n'kufuna kuti bambo ake amve zimene amanena, nkhani yake si ya nyenyezi. Ndiponso mwamuna akayamba kuonetsa mkazi thambo madzulo pakhonde, ine njira imeneyo ndimaidziwa. Ndi yomwe ndinadzera popita kwa amayi ako. Sindikuletsa. Woyendetsa sitima ndi munthu wa masamu, ndipo zimenezo ndi chiyambi chabwino. Koma zaka zake sunatchule, ndipo chimene mwana sanatchule ndicho kholo liyenera kuchiopa. Alembe yekha kalata, ndi dzanja lake, ndione mmene amamangira chiganizo.

Za malangizo ako a Mtanda wa Kumwera, zikomo. Tsiku limene ndidzayambe kukulangiza za kabayidwe ka jakisoni, udzandibwezere.

Wafunsa ngati nyenyeziyo ndinaiyang'anapo ola lina. Funso limeneli landimvetsa chisoni, pakuti likusonyeza kuti phunziro langa linalowera khutu ili n'kutulukira linalo. Chinthu chosayenda munthu sachiyang'ana kawiri. Ndani amadzuka kukaona ngati phiri likadalipo?

Wopenta wamaliza Chinkhanira ndi Ng'ombe. Pakati pa denga pakadali bwalo la choko, likudikira iwe.

Ndine bambo ako.


21 Julayi

Mwanawe,

Moni. Mawondo ali chomwecho, ndazolowera. Usandiyese wouma mtima: kalata yako ya Malichi ndailandira dzulo. Atelala anaiika m'kabati ka makina, pansi pa zidutswa za nsalu, n'kuiwala. Aipeza pofuna mabatani. Apepesa mpaka ine kuchita manyazi.

Pamene kalatayo inkagona ndi mabatani, bambo ako auza tauni yonse kuti ukukwatiwa ndi kaputeni wa sitima. Amayi a kwaya ayamba kale kufunsa mtundu wa nsalu. Ndiye ndawerenga kuti mkamwiniyo ali ndi zaka 89 ndipo amayenda pa chikuku. Ndaseka ndekha kubafa, thaulo kukamwa.

Tsono za nyenyeziyo. Mwana wanga, iwe wachita kukwera ndege kuti ukadziwe zimenezo? Chaka chimene unabadwa unkalira kuyambira dzuwa kulowa, ndipo ndinkakuyendetsa pabwalo uli kumsana. Thanki ija imaoneka tili pakhomo. Ndinkaiona nyenyeziyo ikufika, ikudutsa, n'kukalowa kuseri kwa nyumba ya aneba, iwe usanatonthole. Ndinawauza bambo ako. Anandiyankha kuti maso osaphunzira amaona zambiri. Ndinati chabwino, Ahedi, n'kukawapatsa madzi osamba.

Ndipo si ine ndekha. Alonda onse amene anagwirapo ntchito pasukulupo amadziwa. Amene alipo panowa anandiuza okha kuti, “Mayi, ija ya Ahedi ikafika pa mtengo wa magetsi, ndiye kuti nthawi yotereka tiyi yakwana.” Wopenta nayenso akudziwa. Anabwera kudzapempha madzi akumwa, n'kundinong'oneza kuti, “Mayi, ine ndimangopenta. Akanena kuti ndijambule njovu ili ndi mapiko, ndifunsa mtundu wa mapikowo basi.”

Ndani angawauze? Theka la tauni ino linakwapulidwa ndi iwowa, theka linalo ndi ana a okwapulidwawo.

Langizo langa ndi ili: tumiza pentiyo. Munthu wakalamba, musiyeni alowe m'manda ndi nyenyezi yake. Yalakwira ndani? Palibe mwana wa pasukulu pano amene anasochera panyanja. Pulofesayo ngati analeredwa ndi anthu, adzayang'ana nsapato zake n'kukhala chete. Masiku ano bambo ako amapita ku positi m'mawa uliwonse atavala tayi, n'kubwerako chimanjamanja, ndipo amati ulibe ulemu. Ine ndiye ndimamva zonsezo.

Ndine mayi ako.


12 Ogasiti

Amayi,

Ndalandira, ndipo sindikudziwa ngati ndiseke kapena ndilire. Zoti ndikukwatiwa muzithetse, chonde. Ndawauza Kaputeni, akuti avomera ngati adokotala alola.

Koma penti sinditumiza. Ndafufuza: pulofesayo ntchito yake ndi nyenyezi zomwezi, ndipo akubwera ndi ophunzira ake ndi makina oonera kumwamba. Iye angakhale chete, koma ophunzirawo ajambula ndi mafoni awo, ndipo pofika m'mawa dziko lonse lidzakhala likuseka Bambo akulozera Vega n'kumamutcha Nyenyezi ya Kumpoto. Ndiponso dengalo lidzakhalapo iwo atapita, ana n'kumawerenga bodza lili ndi dzina lathu pachitseko.

Mukuti alonda akudziwa, wopenta akudziwa, inu mwadziwa chibadwire changa. Ndiye kuti m'tauni monsemo amene sakudziwa ndi mwini wake yekha, ndipo tonse tikumuvulira chipewa. Ulemu wotere ine ukundiwawa kuposa chipongwe. Auzeni kuti adwale tsiku limenelo, kapena bisani nsapato zawo.

Ndine mwana wanu.


6 Sepitembala

Mwanawe,

Ndikulemba mothamanga. Zaphulika.

Atelala, pofuna kufafaniza manyazi a ulendo uja, kalata yako atangoilandira anatseka shopu n'kuthamanga nayo, tepi ili m'khosi. Ine ndinali kumsika. Anapeza bambo ako pakhonde, n'kuwapatsa ndi manja awiri, amvekere, “Ahedi, iyi ndiye sinagone.”

Pobwera ndinawapeza ataimirira m'chipinda chochezera, kalata m'manja. Cholembera chofiira chinali m'thumba la malaya, chosatsegula. Anandifunsa funso limodzi: “Alonda?” Ndinati inde. 

Itatsala pang'ono seveni anatenga mpando wa patebulo, wotchi ndi jekete, ulendo wa kuchipata cha sukulu. Ndinaika chakudya, chinazizira. Ndinatenthetsa, chinaziziranso. Anabwera itadutsa naini, mpando paphewa. Chikwatirane sindinawaonepo akuchedwa kudya. Anakhala pansi n'kunena kuti, “Chakudyachi chazizira.” Ndinati, “Nyenyeziyo yayenda, Ahedi?” Anandiyang'ana, ine n'kudziluma lilime.

Lero ndi tsiku lachitatu akupita ndi mpando. Alonda akuti amakhala nawo, ndipo dzulo analandira tiyi. Wopenta amuuza kuti aime kaye. Kwa a komiti sananene kanthu. Buku lija alichotsa patebulo, sindikudziwa kumene aliika. Andiuza kuti ndisite suti yakuda, ndipo sindikudziwa ngati ndi ya ku holo kapena akukonzekera zina. Usiku sagona. Upemphere.

Mayi ako.


20 Sepitembala

Mwana wanga,

Tili moyo. Ndikulembera kuti umve kwa ine zimene zinachitika, usanazimve kwa anthu osadziwa kufotokoza nkhani mwadongosolo.

Anabwera anthu oposa mazana anayi. Seveni koloko ndinawaimika pachipata monga mwa mwambo wanga: oweruza milandu, amalonda a mimba zawo, azimayi a nsapato zazitali, pulofesa ndi ophunzira ake kutsogolo. Ndinaloza pamwamba pa thanki ndi kufunsa dzina la nyenyeziyo. Anayankha katatu ndi mawu amodzi, mokweza kuposa mmene ankachitira ali ana. Pulofesa anatsokomola n'kuyang'ana pansi.

Itakwana kota pasiti, anayamba kutembenukira ku holo, kumene kunali mipando ndi zakudya. Ndinati, “Ndani wakuuzani kuti mupite?” Anabwerera pamzere.

Tinaima. Wapampando wa komiti anandiyandikira n'kunong'ona kuti, “Ahedi, zakudya zikuzizira.” Ndinati, “Zizizire. Maso kumwamba.” Azimayi anavula nsapato. Woweruza wina anapempha kukataya madzi, ndipo ndinamulola atakweza dzanja.

Itadutsa eyiti, ndinafunsa ngati alipo amene akuona kanthu.  Ndinaloza mwini malole wina amene ndinkamukhazika kutsogolo chifukwa cha tulo. “Iwe, nyenyezi ili pamwamba pa thanki?”

“Ayi, Ahedi.”

“Chachitika n'chiyani?”

Anayang'ana anzake n'kunena kuti, “Thanki yasuntha, Ahedi.”

Palibe anaseka. Ena anagwedeza mitu kuvomereza. Pamenepo ndi pamene ndinaona ntchito ya manja anga yonse, itaima pamzere, itavala bwino.

Ndinawauza kuti nyenyeziyo dzina lake ndi Vega, ya m'gulu la Zeze. Kuti imatuluka ndi kulowa monga zinzake. Kuti Nyenyezi ya Kumpoto kuno siioneka ndipo sinaonekepo. Ndi kuti ine ndinawaphunzitsa bodza zaka makumi atatu kudza zisanu ndi chimodzi. Chiganizo chimenechi ndinachinena kamodzi, momveka, ndipo sindidzachibwereza. Kenaka ndinawauza za iwo. Ana oposa chikwi anadutsa pachipata chimenecho, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaima ola limodzi kuti aone ngati mphunzitsi akunena zoona. Kapena ngati analipo, anasunga pakamwa pake ngati chuma. Ndinawauza kuti onse alephera, ndi kuti m'tauni muno akhoza ndi alonda ndi mkazi wanga, amene sanalowepo m'kalasi mwanga.

Anaomba m'manja nthawi yaitali, ndipo ndinazindikira kuti ambiri sanamve. Pulofesa anandigwira dzanja n'kunena kuti sanaonepo phunziro la sayansi loposa limeneli. Ndinamuuza kuti sindinamupemphe malikisi.

Dzina langa alisiya pachitseko. Akuti kulifufuta kungawononge khoma. Denga tikulipentanso, kuchokera kumwamba kwenikweniko, osati m'buku. Mlenje aima chadodolido, ndipo wopenta akuyenda ngati wakwezedwa pantchito. Pakati padzakhala popanda kanthu. Pulofesa akuti pamene thambo lathu limazungulirapo palibe nyenyezi yowala. Ndatembenuza mpando, ndayang'ana kumwera masiku atatu, ndipo mpaka pano sindinamugwire bodza.

Amayi ako akuti anandiuza chaka chimene unabadwa. Sindikukumbukira, koma sindikutsutsa. Za kaputeni wako ndamva zaka zake, ndipo mawu anga ndabweza. Okauza amayi a kwaya ndi amayi ako. Umupatse moni. Kalata imene unalembera amayi ako m'Malichi nayonso ndaiwerenga, ndipo iwe ndili nawe mlandu umodzi: unadziwa m'Malichi, n'kulembera bambo ako mozungulira ngati munthu wokambirana ndi wodwala. Sindinali wodwala. Ndinali wolakwa, ndipo wolakwa amauzidwa.

Tsono ndili ndi ntchito yoti uchite. Munthuyo wakuuza kuti kanyenyezi kofooka kaja ndiko Nyenyezi ya Kumpoto, ndipo sikayenda. Mabuku atatu avomereza. Inenso ndinali ndi buku. Usiku woyamba wopanda mitambo utenge mpando ndi wotchi, uvale zofunda, ukakhale moti kagundane ndi nsonga ya denga kapena ya mtengo, ndipo usachoke maola awiri. Ukatero undilembere chimene waona ndi maso ako, ola ndi ola, pakuti ine sindidzakaona.

Ndine bambo ako.